Chipinda Chopanda Zenera

"Zenera likhala pati?"

Amuna anga anapitiriza kupala simenti youma pansapato yawo ndi kamtengo ngati funsolo lapita kwa aneba.

"Bambo a ana, ndikufunsa inu. Khoma lafika m'mapewa mbali zonse. Zenera likhala pati?"

"Mwayambanso."

"Sindinayambenso ayi, ndikupitiriza. Dzulo munati ndifunse amisiri. Amisiri akuti ndifunse eni nyumba. Eni nyumbawo ndi ano ndawapeza."

Tinali kuseri kwa nyumba, pakampata ka pakati pa khitchini yathu ndi mpanda wa aneba, pomwe kale tinkayanika zovala. Pamenepo ndi pomwe pankamangidwa chipinda cha apongozi anga, bambo awo a amuna angawo. Chiwagwireni sitiroko, mwendo ndi mkono wakumanja zinafa, lilime linalemera, ndipo ankayenda pa njinga ya olumala. Ankagona m'chipinda chakumaso, choyang'ana kumsewu. Tsono ntchito ya amuna anga yoyendetsa lole itatha, maso awo anagwera pa chipinda chimenecho. Akuti ndi malo abwino a golosale: kungoboola khoma, kuika kauntala, makasitomala azibwera okha. Madala asamukire kuseri.

Kusamukako ine sindinakane. Njala ndinkaiona ndi maso anga ikulowa pakhomo, ndipo makina anga osokera paokha sakanatidyetsa tonse. Chimene ndinkafuna ndi zenera basi.

Amisiri athu, amene msewu wonse umawatchula kuti a Mawamawa chifukwa ntchito yawo iliyonse imatha mawa, anali pamwamba pa mgolo akuyala njerwa, koma makutu ali kwa ife.

"Amisiri, tatsikani mundiuze pamaso pa eni ake," ndinatero.

Anatsika mwaulesi, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"Mayi, musandiyang'ane ngati malamulowo ndalemba ndine. Kale tinkangomanga. Munthu akaloza ndi phazi kuti apa, ife n'kukumba. Pano a khonsolo anasintha zonse. Chipinda chogona munthu akufuna chikhale ndi zenera lotseguka, lalikulu loti munthu wamkulu atulukirepo moto utabuka. Chitseko chikhale chotambasuka. Ndiye khoma la zeneralo lisagundane ndi mpanda, pakhale mpata wolowa dzuwa ndi mphepo. Nanga pano mpata uli kuti? Khoma lathu ndi mpanda wa aneba zikuchita kupsopsonana."

"Ndiye a khonsolowo avomera bwanji kuti mumange?"

A Mawamawa anayang'ana amuna anga. Amuna anga anayang'ana nsapato.

"Chipinda chosungiramo katundu sichilira zenera, mayi," anatero amisiriwo motsitsa mawu. "Ku khonsolo tinakanena kuti ndi cha katundu."

Ndinatembenukira kwa amuna anga.

"Apongozi asanduka katundu?"

"Musakulitse nkhani," amuna anga anadzutsa mutu tsopano. "Ndi dzina chabe. Tidzaikamo babu, tidzapaka penti yoyera. Bambo masiku ano amangogona, zenera alitani?"

"Amangogona? Mumakhala kuti inu masana? Ndipo babu wanuyo magetsi akazima azidzayaka ndi chiyani, ndi malovu?"

"Ndiye mukufuna nditani? Ana azidya zenera?"

"Mangani kumbali uko, kuli malo."

"Kumbali kukufunika pulani yatsopano, maziko akuya, kudikira a khonsolo miyezi. Zengerezu analinda kwawukwawu. Ine ndilibe nthawi imeneyo."

"Nyumba ino anamanga ndi iwowo, njerwa imodziimodzi, ndi lumo lometera. Lero muwatsekere m'bokosi kuseri kwa khitchini yawo yomwe? Chaona mnzako chapita, bambo a ana, mawa chili pa inu. Ana athu akuona."

"Bambowo ndi anga, si anu."

"Eya, ndi anu. Koma amene amawasambitsa ndine."

Amuna anga anaponya kamtengo kaja pansi n'kuchoka. A Mawamawa anakweranso pamgolo wawo mwakachetechete. Njerwa yotsatira anaiyala pomwe pakanakhala zenera.

Apongozi anga anameta anthu moyo wawo wonse. Mitu yambiri ya mumsewu mwathu inadutsa m'manja mwawo, kuyambira ili yofewa mpaka kumera imvi. Tsopano ndevu zawo ndinkameta ndine, ndi lumo lawo lomwe, iwo atakhala pazenera la chipinda chakumaso. Ndikalakwitsa ankandigwira dzanja ndi dzanja lawo lamanzere n'kulipendeketsa bwino, maso ali kumsewu. Odutsa ankakuwa kuti, "Ometa, mwadzuka bwanji?" iwo n'kukweza dzanja. Tsiku lawo linali limenelo: msewu, anthu, ana a sukulu, ndi agalu okangana pa dzala.

M'mawa wotsatira, ndikuwapaka sopo kumasaya, kuseri kunamveka nyundo. Anatembenuza mutu pang'ono.

"Cha-nga?" Mawu awo ankatuluka limodzilimodzi, movutikira, ngati munthu wokoka chidebe m'chitsime chakuya.

"Eya, bambo. Chanu."

"Cha-bwi-no?"

Bodza linafika pakamwa, koma linakana kutuluka. Ndinangoti, "Tadekhani, ndingakuchekeni." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Munthu amene wagwira nkhope za anthu zaka zonsezo sungamubisire kanthu pankhope. Anabweza maso kumsewu osafunsanso.

Ndinaimbira foni alamu anga, mlongo wawo wa amuna anga, amene anakwatiwa kutali. Ndinkati mwina mutu umodzi susenza denga.

"Alamu, ine nkhani za pakhomo pa achimwene sindilowerera," anatero. "Bola bambo ali ndi denga. Ena makolo awo akugona m'makhonde."

"Bwerani mudzawatenge tsono, kwanu kuli mazenera."

"Iii, alamu, inu mukudziwa mmene amuna anga alili. Komanso ndikupempheni, nkhaniyi isatuluke pampanda. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Musachititse banja manyazi."

"Manyazi ali m'kunena kapena m'kuchita?"

Foni inaduka. Akuti netiweki.

Denga litakhomedwa ndinavala diresi langa labwino n'kupita ku ofesi ya khonsolo. Ndinauza amuna anga kuti ndikukagula ulusi, ndipo ulusiwo ndinaguladi. Ndinakhala pabenchi mpaka matako kuwawa, kenako anandilozera kachipinda kodzaza mapulani okulunga, momwe munali mayi woyendera zomangamanga. Anali mayi wa msinkhu wanga, wa nsapato zafumbi, wooneka kuti anatopa chaka chatha ndipo sanapumebe.

"Ndingakuthandizeni chiyani, mayi?"

Ndinali nditakonza mawu njira yonse. Koma kuneneza mwamuna wako kwa mlendo si kumwa madzi. Ndinayamba kuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira.

"Ndimafuna kufunsa chabe. Munthu atamanga chipinda cha katundu, kenako n'kugonekamo munthu, lamulo likuti chiyani?"

"Likuletsa."

"Nanga inu mumatani?"

Anavula magalasi n'kutikita maso.

"Mayi, ine ndimafika tsiku loyendera. Ndikapeza katundu, ndi cha katundu. Zochitika ine nditachoka sindiziona."

"Koma mumazidziwa."

"Aliyense amazidziwa. Chibwerereni malamulo atsopanowa, anthu ayamba kukonda katundu modabwitsa. Nyumba iliyonse ikuwonjezera cha katundu. Mogona antchito, mogona ana amasiye, mogona nkhalamba, zonsezo ndi za katundu. Ine ndili ndekha dera lonseli. Ndizigogoda makomo a anthu kumafunsa amene wagona pati?" Anavalanso magalasi aja. "Ngati muli ndi dandaulo, nenani nyumba yake ndi mwini wake."

Ndinathokoza n'kutuluka. Panjira ndinadzitukwana ndekha mokweza mpaka mayi wina wogulitsa tomato anandicheukira. Koma chinthu chimodzi ndinatola m'mawu a mayi uja: sanati sasamala, anati saona. Ndinatsimikiza mtima kuti tsiku limenelo adzaona.

Loweruka ndinapeza amuna anga atagwada m'chipinda chatsopanocho, chitseko chili chotsegula kuti aziona. Anali atagula paipi yachitsulo yaitali, akuikhomera kukhoma motsatira pomwe padzakhale bedi, pamsinkhu woti munthu wokhala pansi aigwire podzuka. Pakhomo anali ataswa sitepe imene amisiri anamanga, n'kuthira simenti yotsetsereka bwino kuti njinga izikwera. Anaisalaza ndi manja awo. Ankaigwedeza paipiyo, n'kuikoka ndi mphamvu zawo zonse, n'kuwonjezera msomali wina.

Zimenezi zinandipweteka kuposa mkangano uja. Akanakhala munthu wouma mtima ndikanadziwa pomugwira. Koma uyu anali mwana wokonda bambo ake, akukonza bwinobwino dzenje lowaikamo.

A Mawamawa atafika anagwira m'chiuno.

"Bwana, mwalakwitsa ndondomeko. Ntchito iyi ili ndi kayendedwe kake. Koyamba katundu, a khonsolo aone, achoke. Kenako bedi, kenako zitsulo zanuzi. Inu mwayambira kumchira."

"Simenti imafuna masiku kuti igwire," anatero amuna anga osacheuka. "Bambo akusamuka tsiku lomwelo a khonsolo akachoka. Mukufuna adzagwire chitsulo chogwedera, agwe?"

"Nanga mayi wa khonsolo uja akachiona?"

"Tidzaunjikapo matumba."

"Matumba a makala sagwira paipi podzuka, bwana. Koma poti mwini wanena, ife ndife manja chabe."

Madzulo ake ndinayesa komaliza. Ana anali panja. Amuna anga anali m'chipinda chakumaso akukhoma mashelefu a golosale pamwamba pa bedi la bambo awo, madalawo ndinali nditawatulutsa pakhonde chifukwa cha fumbi.

"Bambo a ana, ndikupempheni. Tengani malo anga osokera pageti paja, muikepo tebulo, muyambire pamenepo. Ine ndizisokera kuchipinda kwathu."

"Tebulo pageti? Ndizigulitsa ngati mwana wa sukulu? Anzanga onse akudziwa kuti ndikutsegula golosale."

"Ndiye vuto ndi njala kapena anzanu?"

Nyundo inaima m'mwamba.

"Mayi a ana, samalani pakamwa."

"Ndasamala mokwanira. Ndikukuuzani lero kuti musadzati ndinakuchitani chiwembu. Apongozi sakagona m'chipinda chija ine ndili moyo."

"Mudzatani?"

"Mudzaona."

"Mukandichititsa manyazi pamaso pa anthu a boma, mudzalongedze makina anuwo."

"Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima."

Ndinayankha molimba choncho, koma banja langa ndimalifuna, ndipo munthuyo ndimamukonda ndi mwano wake womwewo. Kwa masiku otsatira tinkapatsirana mchere patebulo osayang'anana.

Tsiku loyendera, a Mawamawa anafika m'mamawa ndi ngolo yodzaza. Munali matayala akutha, migolo iwiri yopanda kanthu, matumba odzaza utuchi, wilibala yopanda gudumu, ndi chitseko chakale cha firiji.

"Zimenezi n'zachiyani?" ndinafunsa.

"Katundu, mayi. Ameneyu ndi wantchito. Amayenda nane nyumba iliyonse imene ikuyenderedwa. Madzulo ndidzamutenga, mawa akufunika kwina." Anasisita tayala limodzi ngati mbuzi yawo. "Sanandigwiritsepo mwala."

Anaunjika zonsezo m'chipindamo, matumba a utuchi n'kutsamiritsa kukhoma kubisa paipi. Bedi la apongozi linali litamasulidwa kale, litatsamira kuseri kwa khitchini, litafundidwa pepala lapulasitiki. Madalawo amuna anga anawakankhira kuchipinda kwathu n'kutseka chitseko.

"Akhale momwemo mpaka mlendo achoke," anandiuza. "Inunso mukhale nawo."

"Chabwino."

Anandiyang'ana mokayika. Chikwatiraneni sindinavomerepo chinthu msanga choncho.

Mayi woyendera uja anafika dzuwa lili paliwombo. Ndinamuonera pakatani akulowa pageti ndi tepi yake m'manja. Sindinadziwe ngati adzandikumbukira. Ndinamva mawu akupita kuseri, a Mawamawa akuseka nthabwala zawo zomwe. Ndinawaveka apongozi shati yoyera, n'kuwapesa.

"Bambo, tiyeni mukaone chipinda chanu."

Anandiyang'ana, kenako anagwedeza mutu kuvomera.

Ndinakankha njinga kudutsa pabalaza, kutulukira khomo lakukhitchini. Nditafika pakona ndinaima kaye kumvetsera, ndikusuzumira pachitseko chotsegula. Mlendo ndi amuna anga anali m'kati, amisiri ali panja atatsamira mpanda.

"Tayala ili ndinalionanso sabata yatha kutsidya kwa msika," mayi uja ankatero.

"Matayala amafanana, mayi," anayankha a Mawamawa.

"Ndi firiji yomwe?" Anakankha thumba limodzi ndi phazi, linagwa, paipi n'kuonekera. Anaiyang'ana. Anayang'ananso potsetsereka paja pakhomo. Anapuma mozama, n'kuyamba kukulunga tepi yake. "Chabwino. Ine ndaona cha katundu."

Apo m'pamene ndinakankha njinga. Potsetsereka pa amuna anga panagwira ntchito yake bwino, njinga inakwera mosavuta. Pachitseko ndiye panali pothina, magudumu anakhula felemu mbali zonse, koma ndinakankha ndi chiuno mpaka inalowa. Ndinalowa nanenso, n'kutseka chitseko, n'kuchitsamira ndi msana.

Mdima wa ndiweyani. Kunja dzuwa likuswa mtengo, m'katimo sumatha kuona dzanja lako. Kamzere kowala kanali pansi pa chitseko basi. Fungo la simenti yaiwisi ndi mphira linatsamwitsa pakhosi, ndipo malata ankatentha pamutu ngati mbaula.

"Mayi a ana, tsegulani chitseko." Mawu a amuna anga anali otsika, onjenjemera ndi ukali.

"Nditsegula. Mlendo aone kaye katundu yense. Wina anatsalira."

Mayi uja anayatsa tochi ya foni yake.

"Zimitsani, mayi," ndinatero. "Apongozi anga alibe foni."

Kuwalako kunaima pankhope ya madala, pa shati yawo yoyera, padzanja lakufa lili pamwendo. Kenako kunabwera pankhope yanga, ndipo ndinaona kuti wandizindikira. Anazimitsa.

"Awa ndi eni nyumba ino," ndinapitiriza. "Bedi lawo lili kuseri kwa khitchini, likudikira kuti inu mutuluke pageti. Munati zochitika mutachoka simuziona. Ndi izi, ndakubweretserani musanachoke. Pano ndi masana. M'mawa mudzakhala chonchi, madzulo chonchi, mpaka tsiku limene tidzawatulutse atafundidwa nsalu. Moto utabuka kukhitchini uko, khomo ndi lomweli, ndipo mwaona mmene njinga yalowera."

"Mwamaliza?" anatero amuna anga. "Mwakhutira tsopano? Chokani pachitseko ndisanakuchotseni."

"Bwerani mundichotse."

Ndinamva phazi lawo likusuntha, likugunda mgolo. Ndinalimbitsa msana pachitseko n'kutseka maso, ngakhale kuti mumdima umenewo kutseka maso kunalibe ntchito.

Kenako panamveka kaphokoso kena. Ngwe, ngwe. Mphete ya apongozi ikugunda chitsulo. Dzanja lawo lamanzere linali likufufuza khoma mumdimamo, ndipo linapeza paipi ija. Tinamva akuigwedeza. Sinagwedere.

"Mwa-na-nga."

Phazi lija linaima.

"Bambo."

"Wa-i-ka... ndi-we?"

"Ndine, bambo."

Panapita kanthawi, madala akukoka mawu ena kuchokera pansi.

"Zi-ko-mo. Si-ndi-gwa."

Ine ndinabwera kudzamenya nkhondo, ndinali nditakonzeka kutukwanidwa ngakhale kumenyedwa. Izi sindinazikonzekere. Munthu wamkulu, womanga nyumba, atavomera kale mumtima kuti malo ake ndi amenewa, akuthokoza mwana wake chifukwa cha chitsulo. Misozi inangotsika yokha, ndipo sindinaipukute.

Mumdimamo munamveka munthu akupuma mosweka, ngati wathamanga mtunda wautali. Sanali madala.

"Mayi a ana." Mawuwo tsopano anali ena. "Tsegulani. Chonde."

Ndinatsegula. Kuwala kunatilasa m'maso tonse, ndipo ine ndi mayi uja tinatuluka. A Mawamawa anali chiimire pampanda, chipewa chili m'manja, nthabwala zitawathera.

Amuna anga anagwira njinga kuti aibweze chafutambuyo, koma magudumu anakanirira pafelemu. Anakoka, inakana. Anakokanso, madala n'kugwedezeka ngati thumba. Anaisiya. Anawerama, n'kulowetsa mkono umodzi kunsi kwa mawondo a bambo awo, wina kumsana, n'kuwanyamula. Anali opepuka kuposa mmene ankaganizira, ndinaona pankhope pawo. Atafika panja anaima pamaso pa mayi woyendera uja, bambo awo ali m'manja.

"Mayi, si cha katundu. Ndinanama."

"Ndinadziwa ndisanalowe," anatero mayiyo. Sanayang'ane aliyense m'maso. "Ndipo ndikanadutsa." Anazunguza tepi m'manja. "Chipindachi chikhale cha katundu weniweni. Munthu asagonemo, ngakhale mwana, ngakhale wantchito. Ndidzabweranso osakuuzani tsiku. Mukafuna chipinda cha madala, malo ali kumbali uko. Bweretsani pulani, ndidzaiyendetsa ndekha kuti isagone patebulo." Anatembenukira kwa amisiri. "Ndipo inu, tayala ili ndikadzalipezanso pena, tidzakambirana ku ofesi."

"Latopa kale, mayi, likupuma," anatero a Mawamawa, koma palibe anaseka.

Amuna anga anawanyamula bambo awo kuzungulira nyumba, kudutsa pakhonde, mpaka m'chipinda chakumaso. Munalibe bedi, munali mashelefu okhaokha mbali zitatu ndi utuchi pansi. Anawakhazika pampando, n'kubwerera kuseri kukatenga bedi lija okha, chidutswa chimodzichimodzi. Nditafuna kuthandiza anandikaniza ndi dzanja. Ndinapita kukhitchini kukatereka madzi a tiyi, chifukwa manja anga ankafuna chochita.

Nditabwera ndi tiyi ndinawapeza atakwera pampando wina, akuzula misomali ya shelefu yapamwamba. Madala anali akuwodzera. Ndinaika kapu pansi n'kuima pakhomo.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa alendo," anatero osacheuka.

"Eya."

"Simupepesa?"

"Ayi."

Msomali unalira potuluka m'thabwa. Anauika m'thumba la shati.

"Golosale palibe tsopano. Njerwa zapita, malata apita. Pofika mawa msewu wonse ukhala utamva, poti a Mawamawa nkhani yokha ndiyo sadikira nayo mawa. Mwaganiza kuti tidya chiyani?"

"Sindikudziwa, bambo a ana. Tebulo lija likadalipo. Chimene tipeze tidya, koma tidya tikuonana nkhope."

Anaima pampandopo, nyundo ili m'manja. Sindinadziwe ngati nkhani ya kulongedza makina inali itatha kapena ikubwera. Thabwa linali litamasuka mbali imodzi, likulendewera pamwamba pa mutu wa madala.

"Mwangoima pamenepo," anatero. "Gwirani uko, lingawagwere bambo."

Ndinagwira.